Bwato la Mayi Sorola

Mayi Sorola Baroi, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira m'mudzi umene lero asodzi amaponyamo maukonde. Mtsinje unaumeza iwo ali mtsikana. Banja lawo linasamukira kuno, ndipo anakula akusenza dothi lokwezera khoma lotchinga madzi amchere kuti asalowe m'minda. Anakwatiwa ndi Bambo Nitai, wofula uchi, amene tsiku lina analowa m'nkhalango osabwerako. Ana analibe. Misa sankajomba, ndipo kolona ankapemphera akupeta mpunga, poti kukhala manja ali lende ankakuyesa tchimo.

Apa ndi pamene nkhani yawo imandizunguza mutu. Munthu amene sankadziwa kupuma ndi amene parishi ino ikumukumbukira chifukwa cha mpumulo.

Mwambo wa nayori tonse timaudziwa. Mpunga ukakololedwa, makolo amatumiza bwato kukatenga mwana wawo wamkazi kubanja, ndipo kwa milungu ingapo sagwira tsache kapena mphika. Koma amayi ambiri a kuno kwawo kunamira kalekale. Bwatolo lingachokere kuti?

Mmodzi wa amayi otere anali Dipali Mondol, amene kwa zaka zambiri ankatsogolera akazi polimbana ndi eni maiwe a nkhanu, omwe ankaboola khoma kuti madzi amchere alowe. Anawonda, ndipo tsiku lina anakomoka akulankhula pamsonkhano. Dokotala anamuuza poyera kuti akapanda kupuma mtima wake suona chaka china. Bungwe lina la mumzinda linamupezera malo opumirako, koma anakana. "Ndikagone pa matiresi anzanga akumwa mchere?"

Mayi Sorola anabwereka bwato la katekisiti, nalikocheza pakhomo pa Dipali.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga."

"Amayi, nyumba yanu ndikuiona ndili pompano. Bwato lachiyani?"

"Unamvapo nayori ya wapansi, iwe? Kwera."

"Mawa kuli msonkhano."

"Apongozi ako ndawapempha kale, avomera. Ukufuna mudzi wonse uone bwato la mayi likubwerera lopanda munthu?"

Zimenezo kuno sizichitika. Dipali, amene sankaopa ngakhale alonda a eni maiwe, anakwera.

Milungu yoyamba anangogona ndi kudya. Kenaka masana ena madzi anasefukira, khoma linagumuka chakummawa, anthu nayamba kukuwa. Dipali anatola khasu, koma anapeza Mayi Sorola atakhala pansi pakhomo, miyendo atatambasula, kolona ali m'manja.

"Amayi, minda ikupita!"

"Ndamva. Ngati ukutuluka, undilumphe."

"Mukudziwa kuti sindingakulumpheni."

"Basi khala apo, uyankhe Tikuoneni Maria. Mulungu sanalenge khasu limodzi."

Akazi anatseka khomalo popanda Dipali. Anawatsogolera Kolpona, mayi amene pamisonkhano sankatsegula pakamwa. Koma anachedwa, ndipo minda ya mabanja angapo inapsa ndi mchere. Ena a mabanjawo anasiya kuwapatsa moni Mayi Sorola, ngakhale pa chizindikiro cha mtendere m'tchalitchi. Mayiwo sanadziteteze. Ankangopita kukawathandiza kukokolola mcherewo mpaka minda inaberekanso. Dipali analira tsiku limene khoma linagumukalo, ndipo mpaka pano sanena ngati ankalirira mindayo kapena poona kuti khoma laima iye kulibe.

Kuyambira pamenepo bwato linkatuluka chaka chilichonse kukatenga mtsogoleri mmodzi wotopa, kaya Mkhristu, Mhindu kapena Msilamu. Mayi Sorola sankawalalikira. Akafunsidwa, ankangoti, "Ambuye anagona m'bwato namondwe akuwomba. Iwe ndiwe ndani?"

Maondo atakana, ankapereka malangizo ali pamkeka. Anadwala pang'ono chabe, ndipo Bambo Mfumu anawadzoza mmawa wa tsiku limene akazi anakonza zokakweza khoma mvula isanafike. Dipali, amene tsopano ali ndi imvi ndipo mtima wake ukugundabe, anabwera nakhala pambali pawo. Mayi Sorola anatsegula maso.

"Iwe, lero si la kukhoma? Wasiyako ndani?"

"Kuli ena, Amayi."

"Akwanitsa?"

"Akwanitsa."

Anagwedeza mutu, natembenukira kukhoma la nyumba, ndipo anagona dzuwa lili pamutu. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo nawonso, ulendo uno, aulandire.