Mkuzi Umene Apongozi Anataya M'madzi

Chipsera chili pamkono wanga wamanzerechi adzukulu amati ndinapsa ndi moto. Ayi ndithu, ndi katemera wa nthomba. Amsinkhu wanga tonse tili nacho, ngati ng'ombe za khola limodzi. Koma ine ndikachiona sindikumbukira nthomba, ndimakumbukira mkuzi wanga.

Kwathu ndi kwa Maseya. Sukulu ndinalekezera panjira, osati umbuli ayi, masamu ndinkakhoza, koma deresi inali imodzi ndipo pachifuwa panayamba kuoneka. Ndiye kunabwera mnyamata wa ku Nyachikadza wodula nzimbe ku esiteti, wamtali, wotha kupalasa njinga atasiya manja. Ife Amang'anja mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi. Koma awa anali Asena. Analowola, n'kunditenga kukandisiya kwawo kumadambo, iwo n'kubwerera ku nzimbe zawo. Ankabwera patapita miyezi atanyamula shuga ndi sopo, kukhala pang'ono, n'kundisiyira mimba.

Ndinatsala ndi apongozi anga aakazi. Chisena ndinkachimva cha apa ndi apo. Azimayi akamaseka kudimba sindinkadziwa ngati akuseka ine kapena zawo, ndiye ndinkangosekako mochedwa. Kumeneko inu, madzi ponseponse, udzudzu ngati utsi, ndipo chaka cha njala tinkadya nyika, zija umazula pansi pa madzi ng'ona ikukuyang'ana. Kuwawa kwake! Mpaka lero ndikamva fungo la matope malovu amadzaza m'kamwa. Koma ndisapite kutali.

Ana ndinabereka mondondozana, wina kumsana wina m'mimba. Awiri anatisiya asanayambe kuyenda. Pa wotsiriza magazi anakana kuleka. Anandigoneka m'bwato kupita nane kuchipatala, ndipo chimene ndimakumbukira ndi madzi a m'bwatomo atafiira, akakowa akuuluka pamwamba ngati palibe chikuchitika. Ndinachira. Tsiku lotuluka, nesi wina wachikulire anandikokera kuseri kwa khonde.

"Mayi, mukadzabweranso kuno ndi mimba ina, adzakutulutsani atakukulungani pamphasa."

"Nanga nditani, anesi?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Ine ndilibe chokupatsani. Boma silifuna zimenezo. Mukauze abambo."

Mapiritsi ndi majakisoni amene atsikana mukungolandira lerowa, nthawi imeneyo sunkayerekeza n'kuwatchula komwe. Pamisonkhano ankatiuza kuti dziko ndi lalikulu, likufuna anthu. Abambowo ndinawauzadi. Anaseka, osati mwankhanza, nati, "Anesi amangoopseza. Amayi anga anabereka angati? Si awo akulimawo?"

Amene anandithandiza ndi mayi wina wochokera kutsidya kwa Apwitikizi, ankabwera pabwato ndi miphika kudzasinthanitsa ndi mapira. Anandipeza nditatsamira mpini wa khasu, ndikupuma ngati nkhalamba. Sindidziwa chinandimasula pakamwa, mwina chifukwa anali mlendo ngati ine. Ndinamuuza zonse. Atabweranso anandimangira mkuzi, kachingwe ka m'chiuno kokhala ndi timitengo ta mankhwala, koti mimba isakhale.

"Mwananga, umvetse," anatero. "Ukadzafuna mwana, udzamasule wekha, uwotche, phulusa lake umwere m'phala. Koma usautaye. Ukangotayika, njira yatsekeka mpaka kalekale."

Ndinaubisa pakati pa mikanda yanga. Abambo mikanda ankaikonda, koma sankaiwerenga.

Mvula inagwa n'kugwanso, ine wopanda mimba. Thupi linabwerera, ndinayamba kusenza mtolo wa bango osagwa nawo. Mwana wotsiriza uja anayamwa mpaka kukhuta, n'kuyamba kuthamangitsa abakha. Koma wosangalala naye ndinalibe. Kusamba ndinkapita ndekha, anzanga atachoka, ndiye anayamba kunena kuti wa kwa Maseya uja ndi wonyada. Apongozi ankangondiyang'ana pamimba, n'kuyang'ana kumwamba.

Kenaka kunabwera katemera. Chinali chilimwe, kotentha koti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo ndi zikoti kuti aliyense apite pansi pa mtengo wa pasukulu, wokana aona. A mpingo wina wosalola mankhwala anathawira m'mabango, koma anakawavuula monga nsomba. Mayi wina mwa iwo anafumbata mkono wake akukuwa, "Mkono ndi wanga! Anandipatsa ndi Mulungu!"

Wachipatala anamuyankha, "Mkono ndi wanu, mayi, koma nthomba mukaitenga sikhala yanu nokha."

Anthu anaseka. Anamugwira awiri, n'kumutemera akulira. Ine sindinakane. Nthomba ndinaiona kwathu ndili mwana, azakhali anga inawasiya osaona. Mkono ndinapereka ndekha. Koma ndili pamzerepo mtima unkandiwawa. Ndinkati, taonani, boma lawoloka madzi onsewa kudzasamala mkono wanga, wosafuna likumugwira ndi mphamvu. Ine ndinapita ndekha kukapempha za mimba yofuna kundipha, linati lilibe chondipatsa. Mayi wolira uja ndinamumvera chisoni ndithu. Tonse awiri palibe anatifunsa.

Mkono unatupa, thupi n'kutentha ngati mbaula. Ndinagona kuseri kwa nyumba, pamthunzi, m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Apongozi, ndinene zoona, sanali munthu woipa. Anatenga chikho, anandimasula chitenje, n'kuyamba kundithira madzi kuti thupi lizizire. Dzanja lawo linafika m'chiuno. Linaima.

"Ichi n'chiyani, mpongozi?"

Ndinakoka chitenje kuti ndibise.

"Ndikufunsa iwe. Ng'ombe za mwana wanga zinapita kwa Maseya kukagula chingwe?"

"Amayi, anesi anati ndikatenganso mimba ndidzafa."

"Nkhabe! Ayi! Imfa ndi ya Mulungu. Ife kudikira mdzukulu, kupita kwa asing'anga, kumati akulodza, pamene wadzimanga wekha ngati thumba!"

Anatenga mpeni wotumbulira nsomba, n'kudula. Mikanda ina inamwazika pamchenga. Anaimirira nako kachingweko kulunjika kumadzi. Iwo za mkuzi ankangomva, malamulo ake sankawadziwa. M'maganizo mwawo, kudula n'kutaya ndiye kunditsegula.

"Amayi, musautaye," ndinatero.

"Kuti udzamangenso?"

Apa ndikanatha kukuwa, kuwauza za phulusa, za phala, zonse zimene ananena mayi wa miphika. Pakamwa ndinatsegula. Koma ndinaona madzi ofiira aja a m'bwato, ndipo ndinatsekanso. Anauponya. Unayandama pang'ono pakati pa namasupuni, n'kupita.

Abambo anaitanidwa. Sanandimenye. Anangokhala pakhonde akusenda nzimbe osadya, kenaka anati, "Basi, zatha, tiyambirenso." Tinayambiranso. Mimba osabwera. Chaka chinatha, china n'kutha. Apongozi ananditengera kwa sing'anga wina wa kutsidya, n'kumufotokozera monyadira kuti chingwe anadula okha.

"Chabwino, gogo," anatero sing'angayo. "Nanga chili kuti, tichiwotche?"

"Ndinataya m'madzi."

Sing'anga anayamba kulongedza zithumwa zake. "Ndiye mwadzatani kuno? Amene anatseka ndinu."

Apongozi anakhala pansi, padothi penipeni. Ulendo wonse wobwerera m'bwato ine ndinkangomva nkhafi.

Abambo anakwatira mkazi wina, n'kumutengera ku esiteti. Shuga ndi sopo zinayamba kubwera ndi anthu ena, kenaka zinaleka. Alongo anga anatumiza mawu kuti ndibwerere kwa Maseya. Koma kwa Asena ana ndi a kuchimuna, ndikanapita ndekha ndi mtolo wa zovala. Ndinakhala. Azimayi a pamudzi anasiya kundiitana mtsikana akatha msinkhu kapena wina akachira, ankati mkazi wodzimanga alangiza chiyani. Ndinkamva ng'oma ndili kudimba, ndikupalira mbatata.

Ana anakula n'kupita, wina ku Blantyre, wina ku nzimbe ngati bambo wake. Patapita zaka, nesi wina wachitsikana anandiuza kuti mwina chiberekero chinawonongeka kale tsiku la magazi lija, timitengo tinalibe ntchito. Kaya. Iyeyo anaphunzira. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti pamphasa sanandikulunge.

Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi apongozi, kudyera mbale imodzi, mawu ochepa. Atakalamba miyendo inafooka, ndiye wowasambitsa ndinali ine, pamalo omwe aja kuseri kwa nyumba. Tsiku lina ndikuwathira madzi kumsana anafunsa osacheuka.

"Mpongozi, tsiku lija bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani, Amayi. Ndinati musautaye."

"Kamodzi."

"Eee, kamodzi."

Anayang'ana namasupuni akudutsa. Kenaka anati, "Thira ena, kukutentha." Ndinatunga chikho china n'kuwathira.