Kachitsulo ka mu vaneti ya amalume

Amalume, lero tamasula injini ya vaneti munatisiyira ija, ndipo zomwe tapezamo zandisowetsa mtendere. Mukukumbuka tsiku lija la mu Okutobala, motoka itatizimira pachitunda tikuchokera ku Mpanshya, kumbuyo chimanga chili tho? Ba Mwanza, makanika uja, anati petulo ikuwira mu kabyuleta chifukwa cha kabowo ka mu manifodi, paipi ya pa injini, kamene kamadutsitsa utsi wotentha pansi pa kabyuletayo. "Titseke chabe, vuto lithe," anatero. Inu munawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Nanga mu Juni, wodwala akafuna kuchipatala m'mamawa, motoka n'kumatsokomola ndi kuzizira, mudzabwera kudzakankha ndinu? Musakhudze!" Munawalanda sipanala, ine ndili pambali kuseka. Mpaka kumwalira kwanu munkatiuza kuti munthuyo ankangofuna ntchito.

Lero tapeza kabowoko n'kotseka, amalume. Muli kachitsulo kodulidwa bwinobwino, kakuda bii ndi mwaye wakalekale. Ndafunsa ba Mwanza, angoseka n'kunena kuti, "Kafunse mwini wake." Ndiye ndi iwo anakuchenjererani motoka itagona kugalaji kwawo? Kapena ndinu munabwererako mwakachetechete kuti ife tisadziwe kuti mwagonja? Amayi akuti kumeneko ndiye kuchita kwa mlongo wawo ndithu. Ine sindikukhulupirira aliyense. Amene akanandiuza zoona ndinu nokha, komanso ndikudziwa kuti mukanangosintha nkhani. Ndakusowani kwambiri. Kachitsuloko ndakabwezera momwe ndinakapezera.