Kagalimoto Kabuluu pa Ulendo wa ku Mtengowanthenga

Ndinanyamuka ku Ntchisi Boma m'mamawa mvula ikuwaza, mwana wanga Lute ali kumbuyo. Bambo ake anali atagonekedwa pachipatala cha Mtengowanthenga ndi chibayo, ndipo uthenga umene unandipeza unali waufupi: ndibwere msanga, nditenge kagalimoto kabuluu.

Amuna angawo ali ndi tigalimoto tachitsulo tofanizira magalimoto akale ampikisano a ku Amereka. Toyamba anawasiyira mzungu amene ankamuphikira kusekondale, tina anagula okha. Tigalimototi timakhala m'kabati, amatipukuta ndi nthenga ya nkhuku Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo mwana sakhudza. Nanga wodwala akaitanitsa chinthu chimene amachikonda chonchi, ndiye kuti chiyani? Ine ndinati akufuna kutsanzikana nako. Ndinakakulunga m'kansalu n'kumanga mfundo ziwiri.

Basi sinabwere chifukwa cha matope. Tinakwera lole ya feteleza, 40 tambala munthu mmodzi. Pachitunda china inatitimira, amuna n'kutsika kukankha, ife amayi tikungoyang'ana dzuwa likukwera. Nthochi zimene ndinagulira Lute ine sizinandilowe.

Tinafika pa Mponela masana, basi ya ku Lilongwe ikudzaza. Pakhomo pake panali achinyamata a chipani akuona ngati aliyense ali ndi khadi la chipani. Langa ndinaonetsa bwinobwino, koma mmodzi anakhudza kansalu kaja.

"Mayi, chomanga mfundo chonchi n'chiyani?"

Anamasula yekha. Kagalimoto kanawala, mizere yake yoyera iwiri, nambala pachitseko. Amayi ena ogulitsa zitumbuwa anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo.

"Eee! Zouluka nazo usiku zijatu ndi zimenezi! Taonani, zitseko zikutseguka!"

"Mipandonso iwiri yokha," anatero bambo wina wa njinga. "Winawo ndi wa amene akukamutenga."

Anthu anaunjikana. Ndinafotokoza za amuna anga odwala, koma mawu oti odwalawo anangowonjezera moto. Mnyamata uja anati tikakambe ku ofesi. Basi inali italiza kale injini, ndipo ina inali ya mawa.

Ndinachita chimene kunyumba sindinayesepo. Ndinamutsitsa Lute, n'kupempha kagalimotoko, n'kumupatsa. Anakaponya m'kamwa nthawi yomweyo, kenako n'kukakwekweza pansi pamiyala akuti, "Vuuu!"

"Mfiti yake iti ingapatse mwana wake chizimba kuti ayamwe?" anakuwa kondakitala. "Kwerani mayi, mukutichedwetsa!"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Padenga pa kagalimoto panali zizindikiro za mano anayi, utoto utasupuka.

Tinatsika pa Mtengowanthenga dzuwa litapendeka. Polowa m'chipinda cha odwala maso anga ankafunafuna bedi lopanda munthu, poopa kuti ndachedwa. Amuna anga ndinawapeza atagona chagada, ataonda, masaya atalowa. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo kansalu.

Anamasula, n'kukatembenuza kagalimotoko uku ndi uku. Kenako anadzuka n'kukhala tsonga, chimene anamwino anati sanachitepo chifikireni.

"Amake Lute, mano awa ndi a ndani?"

"Ndi a mwana wanu."

"Mwamupatsa mwana? Ine ndimafuna ndiwaonetse achikulire a pabedi apawa, akhala akunditsutsa kuti kulibe galimoto yopanda mpando wakumbuyo! Tsopano aona chiyani, chimanga chokukuta?"

Anandikalipira mpaka chifuwa chinawagwira, atapuma n'kupitiriza. Ine ndinakhala pansi, mtima unatsika koyamba chichokereni ku Ntchisi. Paulendo uno ndinaphunzira kuti munthu amene akutsanzika sadandaula za utoto.