Ndowa Ziwiri za Muphwanga

Ine ndikayankhula pa Lizulu mawu amakamveka kutsidya kwa msewu, ku Mozambique. Funsani aliyense wogulitsa kachewere. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pakamwa palibe anandiposapo. Ndiye muphwanga, mwana wa mlongo wanga, atatuluka kundende akudwala chifuwa chachikulu, ndinati musadandaule, malume ake ndilipo.

Anafika ndi kajumbo kamodzi, mutu wometa, mankhwala atatsala pang'ono. Kundende anamuuza kuti akapitirize kulandira kuchipatala cha kwawo, asadukize. Ndinapita naye. Tinapeza anthu ali thoo pamabenchi, ine nkuima pakhomo: "Pepani nonse, uyu wangotuluka kundende, muthandizeni msanga!" Zinali zoona, mpaka lero ndimati zinali zoona. Koma amayi anayamba kufungatira zikwama zawo, ndipo pocheuka ndinapeza muphwanga kulibe.

Ndinakamupeza pamsika, ataima m'mphepete mwa msewu, maso ali kutsidya. Kwathu kuno kuchoka m'dziko n'kungowoloka msewu basi.

"Malume, ine ndikupita. Uko palibe akundidziwa."

"Nanga mankhwala, iwe?"

"Zikaoneka konko."

Pafupi pomwepo pamakhala bambo wina wokhoma ndowa ndi makheni othirira kudimba. Lusolo analiphunzira kundende komweko, ndipo sabisa. Anamva zonse, poti ine kunong'ona sinditha. Anaika hamala pansi.

"Madala, mawu anuwo lero apumeko, atopa. Achimwene, tandinyamulirani ndowa ziwirizi, msana wandivuta."

Msana uti? Munthu wosenza malata yekha ameneyo! Koma muphwanga analandira, poti anamutchula achimwene. Ine anandipatsa kheni.

"Mukangotsegula pakamwa, ndikuwonjezerani ina."

Anatitengera kaye kusitolo ya Msilamu wina wa ndevu zoyera. Mwini sitoloyo anagogoda ndowa, nkufunsa muphwanga ngati sidontha. Muphwanga anati sakudziwa, tonse nkuseka. Wokhoma ndowa anangoti, "Awa akapeza mphamvu atha kutsitsa katundu." Msilamuyo anati, "Azidzadutsa tsiku la msika." Zinathera pomwepo.

Panjira wokhoma ndowa ankamulozera muphwanga malo ngati nkhani wamba. Nyumba ya chitseko chobiriwira ijo ndi ya amayi a mpingo amene amayendera odwala ndi ufa wa phala, mukawapeze m'mawa asanapite kumunda. Pansi pa mtengo paja pamakumana kalabu ya alimi a kudimba ndi alangizi, musakayambe n'kupempha malo, kayambeni n'kuthandiza kukumba ngalande. Kwa a polisi musamakulambalale, muzipereka moni mukudutsa. Zonsezi anazidziwa ndi mapazi ake, chifukwa iyeyo atatuluka panalibe womuperekeza.

Ine zinandikwana. "Nanga ndowazi n'zachiyani? Tikuchedwa!"

"Madala, ine nditatuluka ndinkayenda chimanjamanja, aliyense ankandifunsa kuti ndinali kuti. Tsiku limene ndinanyamula ndowa anayamba kundifunsa mtengo."

Kuchipatala sanatilowetse kumabenchi aja. Anatizungulitsa kuseri, kuli kakhomo ka odwala chifuwa, kamene ine wobadwira konkuno sindinkakadziwa. Mayi wa zaumoyo anali ataitanitsa ndowa yosambira m'manja. Muphwanga anaiika pansi, mayiyo nkumuthokoza. Wokhoma ndowa anandigwira mkono nkunditulutsa panja, koma khutu ndinalisiya pakhomo.

Kenako ndinamva muphwanga, ndi mawu akeake: "Mayi, ine ndinali kundende. Mankhwala anga akutha."

"Khalani apa, bambo. Munayamba liti kumwa?"

Basi. Ine amene sindilira ngakhale pamaliro, ndinayamba kuyang'anitsitsa kheni ija ngati ili ndi bowo.

Mankhwala anamwa mpaka kumaliza, chifuwa chinapola. Wokhoma ndowa uja ndaona akuchita zomwezo ndi ena. Akaona munthu watsika minibasi ndi kajumbo, mutu wometa, osadziwa kolowera, msana umamuyamba pompo.

Muphwanga msewu uja amawoloka ndithu masiku ano. Amasenza makheni kukagulitsa kutsidya, dzuwa lisanalowe ali kuno. Akamabwerera ndimamufuulira ndili tsidya lino kuti, "Iwe, zatha?" Iye amangokweza manja opanda kanthu, msika wonse nkumva kuti zatha.