Ankhoswe a Mulungu ku Manje

Ku Manje, m'munsi mwa phiri la Soche, kunalibe munthu amene ankafuna kulowa m'pemphero la Mai Eliness Namakhwa. Sikuti mayiwa ankapemphera moipa, ayi. Vuto linali lakuti ankapemphera mokweza, ndipo ankatchula maina.

Ntchito yawo inali yoswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. M'mawa uliwonse ankakhala m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri atatambalitsa miyendo, nyundo ili m'manja. Nyundo ikangoti go! iwo ayambapo: "Ambuye, ndabwera. Ndikupereka m'manja mwanu wamakala uja, amene akumaika miyala pansi pa thumba. Miyalayo amatola pompano, Inunso munamuona." Wamakala akamadutsa ndi njinga yake ankangozyolika ngati wataya singano. Ena ankati imeneyo ndi miseche yovala duku loyera la Mvano. Mai Namakhwa ankayankha kuti iwo amauza Mwini wake wa anthu, ndipo ngati ena ali ndi makutu ataliatali, umenewo si mlandu wawo.

Koma asakunamizeni munthu, mayiwa ankamudalira Mulungu ndi mtima wonse. Anabwera m'tauni kuchokera ku Phalombe ali mtsikana wongokwatiwa kumene, anaika m'manda ana awiri, anadutsa m'njala ya 2002 akudya gaga, ndipo zonsezo anaziwoloka akulankhula ndi Mulungu monga munthu alankhulira ndi mnzake wa pampanda.

Amene ankalowa m'mapempherowo kuposa wina aliyense anali amuna awo, a Onesimo, mmisiri wokhoma mbaula ndi ndowa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo. Bambowa anali ofatsa, okonda bawo ndi masese, ndipo kutchalitchi ankaonekako pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Akazi awo akapsa mtima ankakweza mawu kuti afike kumtengo wa mango: "Ambuye, ngati bambo a Evelina akukukanikani kuwawongola, ingowatengani mukaone nawo zochita komweko!" A Onesimo, osaleka kukhoma chitini, ankayankha kuti, "Auzeni atumize thiransipoti, ine wapansi sindingafike." Anthu ankaseka, Mai Namakhwa nawonso ankaseka mobisa, ndipo banja linayenda choncho zaka makumi atatu ndi zinayi.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, mwana wawo Evelina anachira ku Zingwangwa, ndipo Mai Namakhwa anapita kukathandiza kusamalira khanda. Ali komweko kunafika namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku atatu osapuma, mpaka phiri linasefukira ndi matope ndi miyala ikuluikulu. Nyumba, mtengo wa mango, mbaula zonse, palibe chinatsala. A Onesimo anawapeza tsiku lachinayi kumunsi, kutali ndi pakhomo pawo.

Pamaliro Mai Namakhwa sanalire ndipo sanayimbe. Mnzawo Lubna, Msilamu wogulitsa samusa amene nyumba yake inapulumuka, anawatenga n'kuwapatsa chipinda. Ndiye amene anamva mlandu wonse poyamba.

"Asisi, tamverani," anatero Mai Namakhwa. "Ndapempha Mulungu malata atsopano zaka khumi, sanandipatse. Ndapempha kuti bondo ili lipole, mpaka lero likulira ngati chitseko. Koma nthabwala imodzi yokha, imeneyo ndiye anaimva. Basi, ine ndi Iwowo sitikulankhulana."

Mkazi wodziwa kunyanyala sachoka panyumba. Amaphika, amasesa, amachapa, koma pakamwa amatseka, ndipo uthenga amatumiza kudzera mwa ana. Mai Namakhwa anachita zomwezo. Lachinayi lililonse ankavala yunifomu yobwereka n'kukakhala kutsogolo ku Mvano atapinda manja. Anzawo akatsinzina kuti apemphere, iwo maso ali tong'o, kuyang'ana kudenga mwaukali. Potuluka ankauza mtsogoleri wa amayi kuti, "Muwauze Atate anuwo kuti mvula yakwana, tamva kuti ali nayo yambiri." Chakudya chikabwera ankati, "Lubna, ukamapemphera kwanuko unene kuti ndadya, koma sindinathokoze."

Abusa anabwera ndi nkhani ya Yobu. Mai Namakhwa anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Abusa, Yobu anamubwezera ngamila. Ine ngamila ndichite nayo chiyani ku Manje kuno?" Abusa anatseka Baibulo n'kutsanzika.

Poyamba wamakala ndi anzake anapuma, poti maina awo sankamvekanso pamsewu. Koma pofika mwezi wa Julayi nkhani sinalinso yoseketsa. Mai Namakhwa anaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Nyundo ankaikweza n'kuiwala kuitsitsa. Munthu amene moyo wake wonse anali ndi pothawira tsopano anali atadzitsekera yekha kunja, ndipo Lubna anachita mantha kuti mnzakeyo apita kumanda ndi chinthucho pakhosi.

Choncho tsiku lina Lubna anafunda mpango wake n'kupita kwa a Obed Khoromana, mkulu wa mpingo wa Mai Namakhwa. A Obed anali kondakitala wa basi wopuma ntchito, ndipo anali atakhalapo nkhoswe wa mabanja ochuluka moti ena ankawaiwala maina.

"Bambo, mavesi alephera," anatero Lubna. "Ili ndi banja likugwedezeka. Pakufunika ankhoswe. Ine ndiyimira akuchikazi, inu muyimire mbali inayo."

"Mbali iti?"

Lubna analoza kumwamba.

"Iii, mayi inu, muli siliyasi? Ine nkhoswe wa Mulungu? Mukufuna andidule mumpingo?"

"Si inu nomwe mumati mpingo ndi mkwatibwi? Ndiye mkwati alibe abale?"

A Obed anakanda dazi lawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Loweruka masana anavala jekete lawo la paukwati n'kutsetsereka kupita kwa Lubna.

Pakhonde anayala mkeka, amayi awiriwo anakhala pansi. A Obed anapempha mipando iwiri. Umodzi anakhalapo iwo, winawo, wabwino uja wa khushoni, anaupukuta ndi mpango n'kuusiya wopanda munthu, chifukwa mlandu wa banja sakamba mwini wake palibe. Anaomba m'manja katatu, anapereka moni monga mwa mwambo, kenako anati, "Ife akuchimuna tamva kuti pakhomo pano sipakuyenda bwino. Tabwera kudzamva."

Mai Namakhwa anawayang'ana a Obed, anayang'ana mpando, anayang'ana Lubna. Anadziwa kuti awatchera msampha. Koma mkazi wa ku Phalombe sangakane kulankhula pamaso pa ankhoswe, ndiponso mlanduwo unali utawadzaza mpaka m'khosi.

"A Khoromana, muwauze akwanuwo kuti..."

"Pepani amayi," a Obed anadula. "Mwambo mukuudziwa. Ine ndi nkhoswe chabe, ndimangomvera. Wodandaula amauza mnzake pamaso. Eni ake ndi awo apo."

Mai Namakhwa anatembenuka n'kuulozetsa mpandowo msana. Nkhuku inadutsa pamkeka, mwana wa Lubna anasuzumira pazenera n'kubwezedwa ndi diso. Kenako, akadali chofulatira, mayiwa anati, "Inu."

Anabwereza, tsopano mokweza.

"Inu, ndikunena Inu. Chiyambire ndili mtsikana ndakubisiranipo chiyani? Ana anga awiri munatenga, ndinalira, koma m'mawa mwake ndinakupatsani moni. Njala inabwera, ndinadya gaga n'kuthokoza. Ndi angati ku Manje kuno amene amathokozera gaga?" Apa anali atatembenuka, chala chikuloza khushoni. "Ndiye Inu, amene amati mumaona za mumtima, simunaone kuti ndinkaseka? Wamakala ankadziwa kuti ndi nthabwala. Ana a sukulu ankadziwa. Inu nokha ndiye osadziwa?"

A Obed anatsegula pakamwa kuti ateteze mbali yawo, koma Lubna anawakoka jekete.

"Ndipo munadikira ndichoke," anapitiriza Mai Namakhwa. "Ndikanakhalapo, bambo a Evelina ndikanawakokera panja. Munthu uja akagona tulo ta masana ngakhale denga ligwe samva. Anapita yekhayekha, opanda wowagwira dzanja, mawu anga omaliza ali akuti asaiwale kutsekera nkhuku."

Pamenepo onse anayang'ana a Obed, poti inali nthawi ya akuchimuna kuyankha. Bambowa anali atakonza mavesi asanu ndi awiri papepala m'thumba la jekete. Anawasiya momwemo.

"Amayi, chifukwa chake ine sindikuchidziwa, ndipo ndikati ndikudziwa ndiye kuti ndanama pamaso pa amene ndikuwayimira. Koma chimodzi ndinene. Phiri lija linatenga anthu ambirimbiri, makanda, Asilamu, Akhristu, amlaliki. Onsewo munawapempherera ndinu? Pakamwa panu ndi pakuthwa, tonse tinalasidwapo, koma sipangagwetse phiri. A Onesimo simunawaphe ndinu."

Mai Namakhwa anagwira mwendo wa mpando uja ndi manja onse awiri. Kulira kumene anakusunga miyezi inayi kunatuluka konse, kulira kwenikweni kwa namfedwa, mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kuganiza kuti kwagwanso zovuta. Lubna anawabweza ndi dzanja, iyenso misozi ili mbwembwembwe. A Obed anangoyang'ana nsapato zawo.

Atatopa, Mai Namakhwa anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, anamina, n'kukonza duku lawo. Anasendera pafupi ndi mpando monga amachitira mayi wolangiza mkamwini.

"Chabwino. Sindinati nkhani yatha, tidzakambiranabe. Koma poti muli nawo kumeneko, mverani. Tiyi samwa wotentha, muziwasiyira azizire. Akamanama amakanda khutu lakumanzere. Nyimbo sadziwa, musawaike kutsogolo kwa kwaya angakuchititseni manyazi. Ndipo ali ndi chifuwa cha mphumu, nthawi yozizira ngati ino muziwafunditsa, iwo sanena okha." Anasisita khushoni ya mpandowo. "Ndinakusungirani zaka makumi atatu ndi zinayi. Tsopano ndi anu, muone nanunso mmene amavutira. Koma musawakalipire kwambiri, Ambuye. Ndi munthu wabwino, ine ndekha ndiye sindinawauze."