Tiyi wa a Filipo

Ndinkaphunzitsa anthu osamalira akuluakulu omwe ali ndi otizimu, vuto lolepheretsa munthu kulankhulana bwino ndi ena, m'holo ya parishi ku Chadiza. M'mawa wonse ndinakakamira mfundo imodzi: "Mukafunsa munthu, khalani chete, mudikire. Musamuyankhire."

Masana ndinati ndiwaonetse. A Filipo, bambo a ku Zemba amene salankhula koma amasankha zithunzi, anabwera ndi mlongo wawo. Ndinaika zithunzi ziwiri patsogolo pawo.

"A Filipo, mumwa tiyi kapena thobwa?"

Sanayankhe, ankangosisita m'mphepete mwa tebulo. Ophunzira onse maso anali pa ine. Ndinaopa kuoneka ngati mphunzitsi wolephera.

"Asankha tiyi," ndinatero. "Mwaona mmene aponyera diso?"

Panalibe diso lililonse. Koma ophunzira anagwedeza mitu, wina mpaka kulemba.

Tinawapatsa tiyi, ndipo a Filipo anamwa mwaulemu ngati mlendo. Atamaliza anakankha kapu, anatola chithunzi cha thobwa n'kuchiika m'dzanja langa.

Mlongo wawo anayang'ana pansi. "Tiyi samukonda," anatero motsitsa mawu. "Amangotenga nthawi."

"Tiyeni tipume kaye," ndinatero, n'kuthawira panja.

Thobwa lija sindinawapatse mpaka lero.