Dokotala wa kwathu ndi mtima wa apongozi

Ndinafika ku Rumphi ndili mtsikana, boma litanditumiza kuchokera ku Ntcheu kukaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Mhuju. Ndinkati ndikhalako pang'ono n'kupempha kubwerera kwathu, koma ndinakwatiwa komweko ndi mphunzitsi mnzanga, mwana wachisamba wa mkulu wa mpingo. Apongozi anga aamunawo anali munthu wa taye ngakhale popita kudimba. Anaphunzitsa m'sukulu za mishoni mpaka kupuma ntchito, ndipo Chichewa ankachidziwa bwino, koma ankayankhula nane ngati akundibwereka mawuwo kuti ndidzabweze.

Matenda anayamba ndi iwo. Miyendo inatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Akamakwera kamtunda kobwera kunyumba kwathu ankaima panjira, n'kumanamizira kuona fodya wa eni ake pomwe akulimbana ndi befu. Patapita zaka, amuna anga, amene anali atangodutsa zaka makumi asanu, anayambanso. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu atagwira pachifuwa. Ndinaikapo khutu. Mtima unkathamanga, kudodoma, n'kuthamanganso, wopanda ndondomeko.

Tinamva kuti ku Mzuzu kukubwera dokotala wa mtima, ndiye tinapita tonse atatu. Inali nyengo ya kampeni, malole a zipani ali piringupiringu mumsewu. Apongozi anali atayamba kusamva bwino, choncho ndinalowa nawo kuti ndiziwabwerezera mawu. Dokotalayo atangomva mayankhulidwe anga anamwetulira.

"Mayi, inu si a ku Ntcheu?"

Nayenso anali wa komweko. Tinaseka pang'ono, tinafunsana za mbatata ya kachewere, basi. Apongozi ankangotiyang'ana pakamwa.

Atawaunika onse awiri ndi makina, dokotala anati matenda ndi amodzi: mtima wofooka, womwenso ukugunda mosokonekera. Anafotokoza kuti kunja kwa dziko lino amatha kulowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa pamwamba pa ntchafu, n'kukayendetsa mpaka kumtima, kenako n'kuwotcha timalo tomwe timayambitsa chisokonezocho. Kwa amuna anga anati ayesetse apite, chifukwa vutolo silinakhalitse ndipo mtima ukhoza kubwerera mphamvu. Atatembenukira kwa apongozi anatsitsa mawu.

"Bambo, inu mtima wakhala ukugunda chonchi kwa zaka zambiri, ndipo wafutukuka. Kwa achikulire chisokonezochi chimakonda kubwereranso ngakhale atawotcha, komanso thupi silipirira bwino zimenezi. Alipo okalamba ena amene zimawathandiza, koma inu impso zanunso zatopa. Ndikanakonda tilimbikire mapiritsi."

Ndinagwada pambali pa apongozi n'kubwereza zonse mokweza. Anandifunsa ine, osati dokotala.

"Mkamwana, wanena iyeyo kapena mwanena ndinu?"

"Anena ndi adokotala, adada."

"Yewo chomene," anathokoza m'chiyankhulo chawo, n'kutola chipewa chawo.

Tinakwera minibasi kubwerera kumudzi. Sabata isanathe, nkhani inali itafika pachigayo. Mayi wina wa mumpingo ananditengera pambali n'kundiuza zomwe alamu anga, mchemwali wa amuna anga, ankanena: kuti ine ndinapangana ndi dokotala wa kwathu m'chiyankhulo chathu, kuti apulumutse mwamuna wanga n'kutaya nkhalamba. Mng'ono wa amuna anga amene ankagwira ntchito ku Joni akanatha kulipirira ulendo wa munthu mmodzi yekha, ndiye ati ine ndinasankhiratu.

Zinandipweteka, koma chomwe sindinauze munthu n'chakuti nanenso dokotala uja sindinkamukhulupirira kwenikweni. Ndinali nditaonapo m'zipatala momwe ena amayang'anira imvi, n'kutseka nkhani asanamve n'komwe. Kodi anaonadi mtima wa apongozi, kapena anangoona ndodo yawo? Nthawi zina ndinkaganiza mosiyana: bwanji ngati ndi amuna anga amene akutumizidwa kukayeseredwa? Munthu wamoyo, kumuwotcha mkati mwa mtima! Ndinkawayang'ana akudya, n'kumadzifunsa ngati sindikuwaperekeza ndekha kumanda a kutali.

Apongozi anayamba kukana mapiritsi odutsa m'manja mwanga. Ankati akawatengere alamu. Dokotala anali ataletsa mchere wambiri, koma ndikawatumizira ndiwo zopanda mchere, mbale inkabwerera yosakhudzidwa. Tsiku lina ndikuchapa jekete lawo ndinapeza kapulasitiki ka mchere m'thumba. Ndinapita nako kwa alamu.

"Alamu, uwu akuwapatsa ndani?"

"Mukufuna adada afe ndi njala? Ulendo munawamana, mchere muwamanenso?"

Amuna anga atamva anafuna kusiya ulendowo. Anapita kwa bambo awo n'kunena kuti ngati zili choncho, onse awiri akhale. Nkhalamba inakwiya, inamenya ndodo pansi. Inati sinalere mwana kuti afe chifukwa cha ulemu, apite, koma akafike kumeneko akafunse madokotala enieni za mtima wa bambo wake, ndipo pofunsapo ine mkazi wake ndisakhalepo.

Amuna anga anapita ku Joni. Masiku amenewo ndinkaphunzitsa foni ili m'thumba la diresi, ndipo ikangolira ana ankakhala chete okha. Mlamu wa ku Joni anaimba masana ena kunena kuti zatheka, munthu wadzuka ndipo akupempha tiyi. Ndinatuluka m'kalasi n'kukakhala pansi kuseri kwa ofesi.

Atabwerera, abale anasonkhana pakhonde la apongozi. Amuna anga anafotokoza kuti anafunsadi, ndipo anaonetsa zithunzi za mtima wa bambo awo. Dokotala wa kumeneko ananena zofanana ndi wa ku Mzuzu, kuti msinkhu pawokha suletsa, koma msinkhu, zaka za matenda ndi impso zikaphatikizana, phindu limachepa ndipo chiopsezo chimakula.

Apongozi anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anafunsa kuti, "Pofunsapo munali ndi ndani?"

"Ndinali ndi mng'ono wanga, adada."

"Nanga foni? Simunayambe mwayankhula ndi akunyumba kwanu?"

Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ine ndinali pamphasa ndi amayi ena, ndipo nkhope yawo ndinaiona. Sankaseka.

Patapita miyezi yochepa mtima wa amuna anga unasokonekeranso. Alamu anafika m'mawa kudzazonda, koma m'maso mwawo munali mawu ena. Madokotala anali atachenjeza kuti zimenezi zimachitika poyamba, ndipo pambuyo pake mtimawo unakhazikikadi. Kutupa kunatha, amuna anga anabwerera pa bolodi, mpaka anayambanso kupalasa njinga kupita ku Phwezi. Apongozi ankawaona akudutsa, n'kuwatsatira ndi maso mpaka atazimiririka.

Iwo anakhala zaka zina zingapo ndi mapiritsi awo, akuchepa pang'onopang'ono. Alamu atasamukira ku Karonga ndi amuna awo, panalibenso wina wowasamala koma ine. Ankalandira mankhwala m'manja mwanga, koma piritsi lililonse ankalitembenuza kaye, kulipenyetsetsa mbali zonse asanameze. Sanandinenepo mawu oipa pamaso, ndipo pa mapemphero a pabanja ankanditchula limodzi ndi ana awo.

Anamwalira m'nyengo yozizira, atakhala pampando, chifukwa kugona chagada kunali kutawakanika kale. Pamaliro mkulu wina wa mpingo ananena kuti malemuwo ankayamikira chisamaliro cha mkamwana wawo. Ndinadzutsa mutu kuti ndione amene akuyankhula. Anali munthu waulemu kwambiri, wa mtundu wonena zoyenera pamaliro aliwonse, ndipo mpaka lero sindinamufunse ngati anamvadi mawuwo pakamwa pa apongozi.